Chiphaso cha mfuti cha steti ina: dziwani pomwe chimathera mphamvu

Kwathu lamulo la mfuti ndi limodzi, kuyambira ku Nsanje mpaka ku Chitipa. Ku America kuno si choncho. Steti iliyonse ili ndi malamulo ake a kayendedwe ndi mfuti yobisa m'chiuno kapena m'galimoto, ndipo imasankha yokha ziphaso zakunja zomwe ikufuna kulemekeza. Mgwirizano umenewu amautcha reciprocity. Koma mkati mwake muli msampha womwe ambiri sauona: steti ikhoza kuvomereza chiphaso cha ku Florida, koma pokhapokha mwini wake akhale wokhaladi ku Florida.

Tisanafike kumeneko, yang'anani kaye mapepala anu. Lamulo la boma lalikulu, 18 U.S.C. 922(g)(5), limaletsa munthu wopanda mapepala kukhala ndi mfuti, ngakhale chipolopolo chimodzi. Limaletsanso amene analowa ndi viza yakanthawi, monga ya sukulu ya F-1, yodzacheza ya B-2 kapena yantchito ya H-1B, kupatula pa zifukwa zochepa, chodziwika kwambiri chikhala laisensi yosakira nyama. Laisensiyo sikuti ndi chilolezo choyenda ndi mfuti yobisa ayi. Wa green card, chilolezo chokhala kuno mpaka kalekale, amaloledwa kugula ndi kusunga mfuti ngati nzika. Pogula kusitolo mudzalemba fomu 4473, yomwe imafunsa za unzika wanu. Musanamepo ngakhale pang'ono.

Tsono za ziphaso. Utah, Florida, Arizona ndi Virginia ndi ena mwa masteti omwe amapereka ziphaso kwa anthu okhala kwina, ndipo aphunzitsi a makalasi a mfuti amakonda kuzitsatsa ndi mapu opakidwa utoto, akuti onani masteti onsewa mudzayendamo. Mapuwo nthawi zambiri sasiyanitsa wokhalamo ndi wongotenga chiphaso ali kutali.

Tiyeni titenge chitsanzo cha ku South Bend, Indiana, komwe kuli Amalawi ambiri. Kuyambira pa 1 July 2022, munthu woyenerera ku Indiana amatha kuyenda ndi mfuti yam'manja popanda chiphaso chilichonse. Ndiye m'bale wathu wa green card akuti, za laisensi ya Indiana n'zotayitsa nthawi, ndili kale ndi cha Florida chomwe ndinatumizitsa pa positi. Loweruka wanyamuka kukaona mnzake ku Niles, m'steti ya Michigan, ulendo wa mphindi makumi awiri okha, mfuti ili m'kabokosi ka pakati pa mipando. Akangodutsa chikwangwani cha Michigan, zinthu zasintha. Michigan imalemekeza chiphaso cha steti ina ngati mwini wake amakhala m'steti yomwe inachiperekayo. Iye laisensi yake yoyendetsera galimoto ikuti Indiana, chiphaso chikuti Florida. Kwa wapolisi wa ku Michigan ameneyu alibe chiphaso, ndipo mlandu wake ungafike zaka 5 m'ndende. Chomvetsa chisoni n'chakuti akanangotenga laisensi ya kwawo ku Indiana, yomwe imaperekedwabe, Michigan ikanaivomera. Ndipo ku Michigan wapolisi akakuimitsani, muyenera kumuuza nthawi yomweyo kuti muli ndi mfuti, osadikira kufunsidwa.

Colorado ndi Pennsylvania nawonso amafuna chiphaso cha wokhalamo. Florida yeniyeniyo, yomwe imagawira alendo ziphaso, mwa ziphaso za masteti ena imalemekeza za anthu okhaladi m'steti yomwe inawapatsayo basi, ngakhale kuti kuyambira July 2023 inalola anthu oyenerera kuyenda popanda chiphaso. Utah ili ndi yake: ngati steti yanu imavomereza chiphaso cha Utah, muyambe mwatenga cha kwanu musanapemphe chawo.

Palinso masteti omwe salemekeza chiphaso chakunja chilichonse: New York, New Jersey, California, Maryland, Massachusetts, Illinois ndi ena, kuphatikizapo mzinda wa Washington DC. Amene mumakhala ku Virginia n'kumagwira ntchito ku Maryland, kapena mumapita ku eyapoti ya O'Hare ku Chicago, Illinois, kukachingamira alendo ochokera kumudzi, nkhaniyi ndi yanu. Mu 2013 mayi wina wa ku Philadelphia, Shaneen Allen, anaimitsidwa pamsewu ku New Jersey. Anauza yekha wapolisi kuti ali ndi mfuti ndipo anaonetsa chiphaso chake cha Pennsylvania. Anamangidwa, ndipo chomwe chinkamudikira chinali ndende ya zaka zitatu ndi theka. Bwanamkubwa wa New Jersey pa nthawiyo, Chris Christie, anadzamukhululukira mu 2015. Mayiyo anali nzika ya America. Kwa inu ndi ine nkhani sithera kukhoti la milandu, chifukwa lamulo loona za olowa m'dziko limanena kuti mlendo wopezeka wolakwa pa mlandu wa mfuti akhoza kuthamangitsidwa, ngakhale akhale ndi green card ya zaka zambiri. Ngakhale kuvomera kamlandu kakang'ono kuti zithe msanga kungakubwezeni ku Chileka ndi chikwama chimodzi. Zikakugwerani, musavomere kanthu musanalankhule ndi loya wodziwa za imigireshoni, osati wa milandu yekha.

Ena amadalira lamulo la boma lalikulu la 1986 lolola kudutsa ndi mfuti m'steti yokhwima. Lilipodi, koma ndi lopapatiza. Mfuti ikhale yopanda zipolopolo, yotsekeredwa kubuti komwe simungaifikire, osati m'kabokosi ka kutsogolo, ndipo ikhale yololedwa komwe mwachokera ndi komwe mukupita. Ndi la munthu wongodutsa, osati wokagona masiku awiri kwa achimwene ku Newark, New Jersey. Lina loiwalika ndi la masukulu: pa mtunda wa mafiti 1,000 kuzungulira sukulu, lamulo la boma lalikulu limaletsa mfuti, koma limapatula amene ali ndi chiphaso cha steti yomwe sukuluyo ili. Chiphaso chakunja sichikutchulidwa pamenepo.

Langizo langa ndi losavuta: tengani chiphaso cha steti yomwe mukukhala, ngakhale lamulo la kwanuko lisakukakamizeni. Cha Utah kapena Florida chikhale chowonjezera chabe. Mukasamuka, dziwitsani omwe anakupatsani chiphaso, chifukwa adiresi ikasintha mukhoza kusanduka wokhala kwina osadziwa. Usiku woti mawa muli paulendo, tsegulani tsamba la polisi kapena la Attorney General (mkulu wa zamalamulo) wa steti iliyonse yomwe mudutsemo, osati gulu la pa Facebook, ndipo fufuzani mawu akuti "resident permits only", kutanthauza ziphaso za okhalamo okha. Migwirizanoyi imasinthasintha. Ngati tsambalo silikumveka bwino, siyani mfuti mu sefa kunyumba, mukatenge alendo anu ku eyapoti.