Momwe mungachitire msonkhano wa banja wochepetsa nkhawa pakhomo

Nkhawa ya munthu mmodzi sichedwa kufalikira m'nyumba yonse, chifukwa kholo likamabwera kuchokera ku ntchito nkhope ili yakugwa, ana amayamba kulizemba ndipo mnzake wa muukwati amasunga mumtima zimene zikumuvuta. Chimene chathandiza m'banja lathu ndi kukhala pansi kamodzi pa mlungu, kwa mphindi zosapitirira 40, n'kukambirana zimene zikulemera aliyense.

Sankhani tsiku ndi nthawi yosasintha, anthu atadya kale koma asanayambe kusinza, ndipo mafoni aikidwe kutali. Aliyense, kuyambira mwana wamng'ono, atchule chinthu chimodzi chimene chamusangalatsa mlunguwo asananene chimene chamuvuta. Katswiri wa za maganizo John Gottman, amene anafufuza maukwati kwa zaka zambiri ku University of Washington, anapeza kuti anthu okhalitsa muukwati amachitirana zabwino pafupifupi zisanu pa choipa chilichonse chimodzi, ngakhale pamene akukangana. Aliyense akatchula zake, sankhani vuto limodzi lokha, ndipo wolankhula anene mmene akumvera, monga kuti, "Ngongole ija ikundisowetsa tulo," m'malo monena kuti, "Inu mumangomwaza ndalama."

Pamene pamavuta kwambiri ndi pamene mawu ayamba kukwera. Munthu akakwiya, thupi limatulutsa mahomoni otchedwa adrenaline ndi cortisol, amene amalikonzekeretsa kumenyana kapena kuthawa, mtima umatha kugunda koposa ka 100 pa mphindi, ndipo zikafika pamenepo samvanso zimene mnzake akunena koma amangofuna choyankha. Thupi limafuna mphindi zosachepera 20 kuti likhazikike, choncho muyenera kuimitsa zokambiranazo. Kwathu zinasokonekera pomwepa, chifukwa mmodzi anangonyamuka n'kutuluka osanena kanthu, wotsalayo anaona ngati wanyozedwa, ndipo misonkhanoyo inayamba yaima kaye. Chotero gwirizanani pasadakhale, mitima ili pansi, za mawu amene aliyense anganene popempha kupuma, ndipo wopemphayo atchule nthawi yeniyeni imene abwerere, imene isapitirire tsiku limodzi. Ngati ana alipo, auzeni kuti makolo akupumula ndipo nkhaniyo ipitirira, chifukwa mwana akaona kholo likutuluka mwaukali amaganiza kuti walakwa ndi iye. Pa mphindi 20 zimenezo musamakonze mumtima mfundo zokagonjetsera mnzanu, popeza kutero kumangosonkhezera mkwiyo womwewo. Yendani pang'ono, kapena khalani pansi n'kumapuma mofatsa, kutulutsa mpweya kukhale kotalikirapo kuposa kuukoka.

Ena amafuna njira yachidule, ndipo pa Facebook ndi pa WhatsApp sipasowa ogulitsa mapiritsi ndi zakumwa zimene amati zimachotsa nkhawa tsiku lomwelo. Ambiri mwa iwo sanena n'komwe zimene zili m'botolomo. Mankhwala ochepetsa nkhawa ngati diazepam amazolowereka m'thupi pakangopita milungu yochepa, ndipo akaphatikizidwa ndi mowa amatha kufooketsa kapumidwe, choncho musawamwe popanda kulemberedwa ndi dokotala.

Mukabwerera, gwirizanani chinthu chimodzi choti chichitike mlungu ukubwerawo, mutchule amene achichite, n'kuchilemba kuti mudzayambire pomwepo. Onaninso ngati akuluakulu akugona maola osachepera 7 ndiponso ngati akufikitsa mphindi 150 za masewera olimbitsa thupi pa mlungu zimene bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization limalimbikitsa. Msonkhanowo ukazolowereka, mungathe kumaitana wachibale kapena mnansi amene amakhala yekha kuti akhale nanu pa gawo loyamba lija.

Wina akakhala wokhumudwa kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, wosafunanso zimene ankazikonda, apite kwa wachipatala, ndipo akatchula zodzipha mupite naye tsiku lomwelo. M'nyumba mmene muli nkhanza, msonkhanowu suli woyenera, ndipo wochitidwa nkhanzayo afune thandizo kunja kwa banjalo.