Mmene mungaperekere dandaulo lokhudza khalidwe la jaji kapena majisitileti

Anthu ambiri amene amatuluka m'khoti ali okwiya amanena kuti akufuna kukamuneneza woweruza, koma mukawafunsitsa chimene walakwa, mumapeza kuti nkhani yagona pakuti mlandu sunawakomere. Choyamba ndi kusiyanitsa chigamulo cholakwika ndi khalidwe lolakwika, chifukwa chilichonse chili ndi khomo lake. Ngati woweruza wamva mboni zonse n'kugamula mosiyana ndi zimene inu mumayembekezera, ngakhale zitakhala kuti waphonyadi pomasulira lamulo, njira yake ndi apilo. Chigamulo cha majisitileti chimakaunikidwa kukhoti lalikulu, limene lili ndi nthambi yake konkuno ku Zomba, ndipo cha khoti lalikulu chimapita ku Supreme Court of Appeal. Pa mlandu waupandu umene waweruzidwa ndi majisitileti, lamulo limapereka masiku 10 okha oti munthu adziwitse khoti kuti akufuna kuchita apilo. Dandaulo lokhudza khalidwe la woweruza silisintha chigamulo ndipo siliimitsa masikuwo, choncho ngati zonse ziwiri zikukukhudzani, yambani ndi apilo.

Khalidwe loyenera kudandaulidwa ndi monga kupempha kapena kulandira chiphuphu, kukumana mseri ndi mbali imodzi ya mlandu, kuweruza mlandu wa wachibale kapena wa munthu amene akuchita naye malonda popanda kuulula, kunyoza mboni, kufunsira mkazi amene ali ndi mlandu pamaso pake, kubwera kuntchito ataledzera, ndiponso kusunga chigamulo kwa zaka popanda chifukwa. Chomalizachi ndicho chimazunza anthu ochuluka mwakachetechete, makamaka amene akudikira ali pa rimandi kundende ya Zomba. Palinso nkhani ya matenda: woweruza akhoza kudwala kapena kufooka maganizo moti sangathenso kutsatira umboni. Uku si kulakwa, ndipo polemba simuyenera kutchula matenda ngati kuti ndinu dokotala. Fotokozani zimene mudaona, mwachitsanzo kuti ankaiwala zimene mboni yangonena kumene kapena kuti mlandu udaimitsidwa kambirimbiri chifukwa sadabwere.

Ngati mlandu udakali mkati ndipo mwazindikira kuti woweruza ali pa ubale ndi mdani wanu, musadikire chigamulo. Pemphani m'khoti momwemo, mwa inu nokha kapena kudzera kwa loya, kuti achoke pamlanduwo, ndipo pempholo lilembedwe m'kaundula wa mlandu. Munthu amene adadziwa n'kukhala chete mpaka ataluza amavutika kukhulupiriridwa pambuyo pake.

Kumene mungapite kukutengera kukula kwa nkhaniyo. Za kuchedwa kwa chigamulo, kusowa kwa failo kapena kuimitsaimitsa mlandu, kalata yopita kwa mkulu wa amajisitileti (Chief Resident Magistrate) wa chigawo chakummawa, amene ofesi yake ili ku Zomba, nthawi zambiri imakwanira ngati nkhaniyo ikukhudza majisitileti, ndipo ngati ikukhudza jaji, lemberani rejisitala wa khoti lalikulu. Nkhani zazikulu za mwambo zili m'manja mwa Judicial Service Commission, bungwe limene lidakhazikitsidwa ndi gawo 116 la malamulo aakulu a dziko lino a 1994, ndipo gawo 118 limalipatsa mphamvu zosungitsa mwambo pakati pa oweruza ndi kupereka ganizo loti wina achotsedwe. Anthu adadandaula kwa zaka zambiri kuti panalibe lamulo lofotokoza bwinobwino mmene bungweli lizilandirira madandaulo, mpaka mu Disembala 2024 pamene Nyumba ya Malamulo idavomereza Judicial Service Administration Act pamodzi ndi kusintha kwina kwa malamulo aakulu, ndipo Pulezidenti Lazarus Chakwera adasainira kumayambiriro kwa 2025. Kusinthaku kudabweretsa bungwe lapadera lolandira madandaulo okhudza oweruza, lotchedwa Independent Complaints Commission of the Judiciary. Musanatumize kalata, funsani kuofesi ya rejisitala adiresi yoyenera.

Chiphuphu pachokha ndi mlandu waupandu, ndipo chimakanenedwanso ku Anti-Corruption Bureau, yomwe ili ndi ofesi ku Zomba. Palibe chachilendo pamenepa: pa nthawi ya mlandu wa chisankho cha 2019, mkulu wa oweruza milandu Andrew Nyirenda ndiye adakanena yekha kubungweli kuti pali amene akufuna kuhonga majaji. Chenjerani ndi anthu oyendayenda panja pa khoti amene amati ndalama mupereke kwa iwo kuti akapatse bwana. Kawirikawiri woweruzayo sadziwa n'komwe, choncho lembani dzina la amene adakupemphani ndalamayo, osati la amene mukumuganizira. Ngati wolakwa ndi loya wanu, nkhaniyo ndi ya bungwe la maloya la Malawi Law Society.

Kalata yeniyeniyo ikhale yaifupi ndi yolunjika. Lembani dzina lanu ndi kumene mungapezeke, dzina la woweruza, khoti, nambala ya mlandu, ndi mayina a mbali zonse ziwiri. Kenako fotokozani zimene zidachitika motsatira masiku ake, n'kusiyanitsa zimene mudaona kapena kumva ndi makutu anu ndi zimene mudauzidwa ndi ena. Mawu akuti "jajiyu ndi wakatangale, aliyense akudziwa" sathandiza wofufuza, pamene chiganizo chonena kuti pa tsiku lakuti kalaliki adakuimbirani foni n'kutchula ndalama zakuti chimamupatsa poyambira. Phatikizani makope a masamoni, malisiti, mauthenga a pafoni kapena umboni wa ndalama zotumizidwa pafoni, koma mapepala enieniwo sungani. Tchulani mboni zimene zavomera kukaikira umboni. Pewani kutukwana ndi kukokomeza, pakuti bodza limodzi likapezeka limagwetsa ndi zoona zomwe. Ngati kulemba kukuvutani, pitani ku Legal Aid Bureau, bungwe la boma lothandiza anthu pa nkhani za malamulo, kuno ku Zomba. Ndikulangizaninso kuti musathamangire pa Facebook, chifukwa kuneneza munthu poyera popanda umboni kungakubweretsereni mlandu woipitsa mbiri kapena wonyoza khoti.

Musayembekezere kuti jaji achotsedwa msanga, ndipo kuvutaku adakuika dala. Malinga ndi malamulo aakulu a 1994, majisitileti amachotsedwa ndi mkulu wa oweruza milandu potsatira ganizo la Judicial Service Commission, koma gawo 119, monga lidalembedwera mu 1994, lidanena kuti jaji angachotsedwe pa zifukwa ziwiri zokha, kulephera ntchito kapena khalidwe loipa, ndipo pokhapokha aphungu oposa theka la Nyumba yonse atakambirana n'kupempha Pulezidenti, jajiyo atapatsidwa mwayi woyankha. Mu Novembala 2001 aphungu adavomereza kuti majaji atatu, Dunstain Mwaungulu, Anaclet Chipeta ndi George Chimasula Phiri, achotsedwe, koma ambiri adaona kuti nkhaniyo idali ya ndale, ndipo pamapeto pake palibe amene adachotsedwa. Mu Juni 2020 boma lidayesa kutumiza Nyirenda kutchuthi chodikira kupuma pantchito, khoti lalikulu n'kuletsa. Chitetezo chimene chimachedwetsa dandaulo lanu ndicho chomwe chimalola woweruza kugamula motsutsana ndi nduna.

Mukamapereka kalata, tengani makope awiri ndipo pemphani kuti adinde chidindo cha tsikulo pa kope lanu. Pakapita mwezi osamva kanthu, lembaninso mwachidule potchula tsiku la kalata yoyamba. Pa nthawi yonseyi pitirizani kufika kukhoti pa masiku onse a mlandu wanu, chifukwa kupereka dandaulo sikukupatsani ufulu wojomba, ndipo mlandu ukhoza kuweruzidwa inu kulibe.