Momwe mungathetsere chinyezi ndi nkhungu m'galaja yopakidwa penti pansi

Mvula ikakhazikika mu Januwale ndi Febuluwale, eni nyumba ambiri amene anapaka pansi pa galaja penti yonyezimira ya epoxy amayamba kumva fungo la chinyontho akangotsegula chitseko. Posakhalitsa m'makona mumatuluka timadontho takuda ta nkhungu, imene ena amati chuku, makatoni amafewa kunsi kwake, ndipo penti ija imachita matuza ngati khungu lopsa ndi madzi otentha. Ambiri amathamangira kukagula chitini china cha penti kuti abise malo oonongekawo, koma kutero ndi kulipira kawiri, chifukwa penti yatsopanoyo idzamatukanso ngati gwero la madzi silinapezeke.

Konkire imaoneka yolimba ngati mwala, koma ili ndi timabowo tosaoneka ndi maso timene chinyezi cha m'nthaka chimakweramo. Pansi posapaka kanthu, chinyezicho chimauluka mwakachetechete ndipo palibe amene amachiona. Epoxy imatseka njira imeneyi, choncho madzi pamodzi ndi mchere wa m'simenti amaunjikana kunsi kwa penti mpaka kuitukula. N'chifukwa chake omanga osamala amayala pepala lochindikala la pulasitiki pa dothi asanathire konkire. Chomvetsa chisoni n'chakuti amisiri ena amalidumpha pepalali akafika pa galaja poganiza kuti mmenemo simugona munthu, ndipo mwininyumba amadzazindikira patapita zaka, penti itayamba kusupuka.

Choyamba, tulutsani katundu yense kuti muone pansi ponse ndi m'munsi mwa makoma. Apa muyenera kusiyanitsa zinthu ziwiri zimene anthu amazisokoneza. Ufa woyera umene umatuluka m'ming'alu kapena m'mphepete mwa penti yomatuka nthawi zambiri ndi mchere wa m'simenti: umafumbutuka mukautikita ndi zala ndipo umasungunuka mukaudonthezera madzi. Nkhungu ndi yofewa, imatha kukhala yakuda, yobiriwira kapena yotuwa, imanunkha, ndipo madzi saisungunula. Mcherewo suvulaza thupi, koma ndi umboni wakuti madzi akudutsa m'konkire.

Chachiwiri, yesani pansipo ndi pepala la pulasitiki. Dulani pepala loonekera mkati la masentimita 45 mbali zonse, muliyale pansi ndi kulimata ndi tepi mbali zonse zinayi kuti mpweya usalowe, kenako mulisiye kwa maola osachepera 16, ngakhale kuti ine ndimalangiza masiku awiri athunthu. Liyaleni pamalo pamene penti yamatuka kale kapena pamene mwapala mpaka konkire kuonekera, chifukwa pamwamba pa penti yabwinobwino pepalalo silingakuuzeni za madzi amene ali kunsi. Chitani zimenezi m'malo atatu kapena anayi, makamaka pafupi ndi makoma akunja ndi pachitseko. Mukapeza madontho kunsi kwa pepala, kapena konkire itada pamalopo, madzi akuchokera m'nthaka. Mukapeza madontho pamwamba pa pepala pomwe kunsi kwake kuli kouma, madziwo akuchokera mumpweya. Kuyesaku kuchitike m'nyengo ya mvula, popeza mu Okutobala nthaka imakhala youma ndipo pepala lingakunamizeni kuti zonse zili bwino. Amisiri opaka epoxy ena ali ndi njira yopima kuchuluka kwa chinyezi pogwiritsa ntchito mchere wa calcium chloride umene amausiya pansi kwa maola 60 mpaka 72, ndipo ndi bwino kufunsa za njira imeneyi musanapangane mtengo.

Madzi ochokera mumpweya ndi amene anthu amati pansi pakuchita thukuta. Konkire imachedwa kufunda, choncho mpweya wofunda ndi wachinyezi ukalowa m'galaja n'kukhudza pansi pozizira, umasiya madzi monga mmene botolo lochokera m'firiji limachitira. Penti simwa madzi amenewa, ndiye amangokhala pamwamba. Ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje vutoli silithera m'dzinja, chifukwa chiperoni cha mu Juni ndi Julayi chimabweretsa chifunga ndi mvula yowaza, ndipo galimoto yolowa ili yonyowa imasiya madzi amene amatenga masiku kuti aume.

Chachitatu, zungulirani nyumba mvula ikugwa, osati itakata, kuti muone kumene madzi a padenga akuthera. Ngati akugwera m'tsinde mwa khoma la galaja, ikani zolandirira madzi m'mphepete mwa denga ndi paipi yowatayira kutali. Dothi liyenera kutsetsereka kuchoka kukhoma, kutsika pafupifupi masentimita 15 pa mamita 3 oyambirira. Ngati msewu wa galimoto ukutsetserekera kuchitseko, kumbani ngalande yopingasa pakhomo pomwepo ndipo muivundikire ndi zitsulo. Maluwa odzalidwa mogundana ndi khoma, amene amathiriridwa m'mawa uliwonse, asamutseni, ndipo dothi limene launjikana mpaka kufika pa njerwa za pamwamba pa maziko lichotsedwe. Onaninso ngati paipi ya madzi yodutsa pafupi sikudontha. Njira yosavuta ndiyo kutseka mipopi yonse n'kuona ngati mita ikuyendabe.

Chachinayi ndi kuchotsa nkhungu yomwe ilipo. Nkhungu sidya epoxy. Imadya fumbi, makatoni, matabwa, nsalu ndi zinyalala zimene zakhala pamalo onyowa, ndipo imatha kuyamba kumera pakangotha maola 24 mpaka 48 chinthu chili chonyowa. Valani magolovesi, magalasi otchinga m'maso ndi masiki ya N95, tsegulani zitseko zonse, ndipo ana ndi aliyense wodwala mphumu asayandikire. Musasese pouma, chifukwa tsache limangouluzira njere za nkhungu mumpweya umene mukupuma. Yambani kukwecha ndi bulashi, madzi ndi sopo, kenako mutsukuluze ndi kupukuta. Mukafuna kuonjezera Jik, sakanizani kapu imodzi, imene ndi mamililita pafupifupi 240, m'malita 4 a madzi, ndipo musaiphatikize ndi viniga, asidi kapena mankhwala okhala ndi ammonia, chifukwa zimatulutsa mpweya wapoizoni. Makatoni, makapeti ndi zidutswa za siling'i zimene nkhungu yalowerera muzitaye. Bungwe loona za chilengedwe ku America la EPA limalangiza kuti munthu angathe kugwira yekha ntchitoyi ngati malo ogwidwa ndi nkhungu ndi ochepera pafupifupi sikweya mita imodzi. Kupitirira apo ndi bwino kuitana odziwa. Poumitsa gwiritsani ntchito fani ndi mphepo yakunja. Musayatse mbaula kapena kuliza injini m'galaja yotseka pofuna kuti muume msanga, pakuti utsi wake uli ndi mpweya wa carbon monoxide umene sununkha koma umapha.

Pano ndiyenera kunenapo za matumba a chimanga ndi mtedza, chifukwa mabanja ambiri a m'tauni amasunga zokolola zawo m'galaja. Thumba lokhazikidwa pansi pochita thukuta limanyowa kunsi kwake, kumene palibe amene amayang'anako, ndipo mbewu zimachita chuku. Mitundu ina ya chuku imatulutsa poizoni wa aflatoxin amene amaononga chiwindi, ndipo kuphika nsima sikumuthetsa. Sanjikani matumba pa mathabwa okwezeka, motalikirana ndi khoma, ndipo chimanga chimene chasintha mtundu kapena chikununkha musachidye kapena kupatsa nkhuku.

Chachisanu, lolani mpweya uziyenda. Njerwa zoboola zikhale m'makoma awiri oyang'anizana ndipo zisatsekedwe ndi mashelefu. Tsegulani chitseko masana dzuwa likawala, koma muchitseke mvula ikamagwa kapena kukachita chifunga. Kachipangizo kopimira chinyezi mumpweya kangakuthandizeni. Cholinga ndi chakuti chinyezicho chikhale chosapitirira 60 peresenti. Galimoto ikalowa yonyowa, kokolerani madziwo kunja ndi chokokolera cha labala tsiku lomwelo.

Kukonza penti kubwere pomaliza, ndipo dikirani nyengo youma ya Ogasiti mpaka Okutobala. Palani penti yonse yotukuka ndi galayinda mpaka konkire yolimba ioneke, matani ming'alu, ndipo ngati mwathira simenti yatsopano musapake pasanathe masiku 28. Ngati kuyesa kuja kunasonyeza kuti vuto linali thukuta chabe, mungathe kupakanso epoxy, koma osati m'mamawa pansi pakadali pozizira. Ngati kunasonyeza madzi a m'nthaka, pakani kaye penti yoyamba yopangidwira kutchinga chinyezi, ndipo werengani pachitini kuchuluka kwa chinyezi chimene ingapirire. Pamene pepala limadzaza madontho chaka ndi chaka ngakhale ngalande zakonzedwa, ine sindingalimbikitse epoxy ayi. Ndi bwino kuthira mankhwala a silicate olowerera m'konkire, amene amalimbitsa pamwamba koma amalola chinyezi kuuluka, kapena kuswa pansipo n'kuthiranso konkire pamwamba pa pepala la pulasitiki limene linadumphidwa pomanga.