Mmene mungatapire luso kwa Keïta, Sidibé ndi anzawo, ngakhale muli ndi foni yokha

Musayambe ndi ojambula khumi. Sankhani mmodzi, mukhale naye mwezi wathunthu. Ambirife timati tikuphunzira pamene tikungotsetsereza chala pa Instagram, zithunzi n'kumangodutsa ngati maminibasi pa siteji, bandulo n'kutha, pofika madzulo osakumbukako ngakhale chimodzi. Ine ndimadyera kujambula zithunzi pa maukwati ndi zinkhoswe, ndipo wina akandifunsa poyambira ndimamuuza kuti ayambe ndi Seydou Keïta wa ku Bamako, m'dziko la Mali. Zimene mkuluyu anali nazo nanunso muli nazo: bwalo la pakhomo, dzuwa, nsalu, ndi makasitomala ofuna kutchena.

Keïta anayamba ndi ukalipentala, ntchito ya bambo ake. Kamera yoyamba, ya Kodak Brownie, anachita kupatsidwa ndi m'bale wake amene anabwera nayo kuchokera ku Senegal mu 1935. Situdiyo anatsegula mu 1948, koma zithunzi zambiri ankajambulira panja, pogwiritsa ntchito kuwala kwa dzuwa. Nsalu yoyamba imene anapachika kumbuyo kwa makasitomala inali yoyala pabedi pake. Filimu inali yodula, choncho kawirikawiri munthu ankamujambula kamodzi basi. Analinso ndi katundu wobwereketsa: wailesi, wotchi, magalasi, cholembera, telefoni, njinga yamoto ya Vespa. Munthu ankabwera wapansi n'kutuluka m'chithunzi ngati bwana.

Mukamasaka zithunzi zake pa intaneti, tengani zochokera m'masamba a nyumba zoonetsera zaluso monga MoMA ya ku New York. Zapa Facebook zambiri zimakhala zodulidwa m'mbali komanso zofifia. Sankhani chimodzi, kachitsukitseni ngati muli ndi kangachepe, muchimate pakhoma pamene mumayang'ana podzuka.

Ine ndimakonda chija cha mnyamata wovala jekete loyera, magalasi m'maso, cholembera m'thumba la pachifuwa, duwa m'dzanja. Musathamangire kunena kuti n'chokongola, aliyense akuona zimenezo. Yang'anani pansi pa mphuno ndi pansi pa chibwano, muone kumene kwagwera mthunzi, chifukwa ndi umene ukuuzeni mbali imene kukuchokera kuwala. Onani ngati kamera inali pamwamba pa maso ake kapena pansi. Onani mapewa, kuti sanalunjike kamera ngati pa chithunzi cha pasipoti koma apendekeka pang'ono. Kenako manja. Makasitomala onse sadziwa kochita nawo manja, ndipo Keïta ankathana ndi vutoli powapatsa chogwira. Mukatha, tengani pensulo mujambule chithunzicho papepala, timizere chabe, posonyeza pamene pali mutu, mapewa, zigongono ndi m'mphepete mwa chithunzi. Kaya mumajambula monyansa zilibe kanthu. Pensulo imakukakamizani kuona zimene diso limadumpha.

Pali china cha mayi wogona chammbali atatsamira chigongono. Chovala chake ndi cha maluwa, chimene wagonerapo n'cha mabokosimabokosi, nsalu yakumbuyo nayonso ili ndi zake zokhotakhota. Anthu amatiphunzitsa kuti kumbuyo kuzikhala kopanda kanthu, koma apa zonse zikusokosera ndipo chithunzi chili bwinobwino. Mmene ndimaonera ine, chinsinsi chake n'chakuti maluwa a nsalu zitatuzo ndi osiyana kukula, ndipo malo okhawo osalala ndi nkhope ndi mikono. Diso likatopa ndi phokoso lija limakapumira pankhope.

Tsopano yesani. Bwerekani chitenje cha amayi kapena cha achemwali, muchipachike pa chingwe choyanikira zovala ndi mapegi, pansi mupsinjize ndi miyala kuti mphepo isachivinitse. Pewani dzuwa la masana, limasandutsa maso mabowo akuda ndiponso chipumi chimanyezimira. Pewaninso mthunzi wa mtengo wa mango ngati kuwala kukudutsa m'masamba, chifukwa nkhope imachita mawangamawanga. Malo abwino ndi m'mphepete mwa khonde kapena mumthunzi wa khoma, munthuyo atayang'ana kumene kuli koyera. Pa foni gundani pankhope pake kuti kamera iwerengere kuwala pa khungu. Mukapanda kutero imatengeka ndi malaya oyera n'kumudetsa munthu. Ngati mbali imodzi ya nkhope yada kwambiri, mwana agwire nsalu yoyera chapafupi, ibweze kuwala. Ndiye dziikireni lamulo la Keïta: kudina kamodzi. Mudzaona kuti musanadine mwayamba kukonza kolala, kuchotsa chidebe chimene chikusuzumira m'mbali, kudikira kuti munthu atsitse mapewa. Tikamadina makumi atatu timayembekeza kuti chimodzi chituluka mwamwayi, ndipo nthawi zambiri zonse makumi atatu zimakhala ndi chidebe chija.

Mwezi wachiwiri musachoke mu Bamako, ingosinthani munthu. Malick Sidibé ndi amene anatulutsa kamera m'situdiyo n'kupita nayo kumadansi a achinyamata, Mali atangolandira ufulu mu 1960. Ankazungulira maphwando angapo usiku umodzi ndi kamera yaing'ono ya fulashi, n'kukatsuka filimu usiku womwewo, kenako n'kumata tizithunzi pamapepala olimba kuti eni ake abwere adzasankhe zogula. Kunena zoona inali geni ngati yathuyi. Koma mu 2007 ku Venice anamupatsa mphoto ya Golden Lion chifukwa cha ntchito ya moyo wake wonse, ndipo anali wojambula zithunzi woyamba kuilandira. Munthu wake ankaona ndi diso limodzi kuyambira ali mwana.

Chithunzi chake cha mu 1963 cha mnyamata ndi mtsikana akuvina pabwalo usiku chiyang'aneni kuyambira pansi. Mnyamata wavala suti ndi nsapato, mtsikana ali chosavala nsapato, mitu yawo yatsala pang'ono kugundana, onse akuyang'ana mapazi. Akanadula m'mawondo sipakanatsala nkhani. Ichi ndi chimene ndinatenga kwa Sidibé: pa perekaniperekani ndimajambula munthu yense mpaka kuphazi, ndili pafupi, nthawi zina nditagwada. Anzanga ambiri amaima patali n'kumakoka ndi zoom, zithunzi zake zimaoneka ngati za munthu wosaitanidwa. Sidibé ankadziwika ndi ovinawo, n'chifukwa chake sakumuthawa kapena kuuma thupi. Mukafika pamwambo musatulutse kamera nthawi yomweyo. Perekani moni kwa ankhoswe, chezani ndi amayi akukhitchini, anthu akuzolowereni. Ndipo fulashi ya foni ikapitirira masitepe atatu kapena anayi ilibe ntchito, ndiye sendererani.

Kwa Henri Cartier-Bresson wa ku France tengani chinthu chimodzi, kudikira. Mu 1932 kuseri kwa siteshoni ya sitima ya Saint-Lazare ku Paris anasuzumira pa mpata wa mpanda n'kujambula bambo akudumpha chithaphwi, chidendene chitatsala pang'onong'ono kukhudza madzi. Zaka zambiri ankayenda ndi kamera ya Leica ya lenzi imodzi ya 50mm. Nyengo ya mvula zithaphwi sitisowa. Pezani malo kaye, mukonze chithunzi chonse popanda munthu, ndiye muime pomwepo mpaka wina alowemo. Zoom musaikhudze. Mukafuna kuyandikira, yendani.

Aku South Africa ndi olemera kuwayang'ana, koma musawadumphe. Ernest Cole ankalowa m'migodi ya golide atabisa kamera m'pepala la chakudya chamasana. Chithunzi chake cha amuna atandanda chamaliseche, manja m'mwamba, akuyezedwa ndi achipatala asanalembedwe ntchito, chimandikhudza mwapadera chifukwa migodi imeneyo ndi yomwe agogo athu ankapitako kudzera ku Wenela. Cole anathawa m'dzikomo mu 1966, ndipo buku la zithunzi zake litatuluka mu 1967 boma la tsankho linaliletsa. Peter Magubane naye anabisapo kamera m'buledi wobowola mkati, ndipo anakhala m'chitolokosi cha yekha masiku 586. Chenjezo langa apa ndi ili: musatengere zobisa kamerazo n'kumakajambula mozemba amayi ogulitsa tomato mumsika. Iwo aja ankabisira apolisi a boma lankhanza. Choti mutenge kwa iwo ndi kukakamira nkhani imodzi kwa nthawi yaitali. Sankhani yanu, kaya a kabaza a pa siteji yanu, kaya mjigo wa m'mudzi mwanu, muziijambula sabata ndi sabata mpaka chaka chithe.

Ndipo muzifunsa dzina. Dorothea Lange anajambula mayi wina wosauka ndi ana ake ku Nipomo, California, mu 1936, chithunzi n'kutchuka dziko lonse, koma dzina sanamufunse. Zinadzadziwika patapita zaka zoposa makumi anayi kuti anali Florence Owens Thompson, ndipo mayiyo ankadandaula kuti sanapindulepo kanthu. Luso la Lange ndimalisirira, khalidwe limenelo ayi. Pemphani, lembani dzina, ndipo mukatsuka mupatseni mwini nkhope chake.

Amoyo nawonso alipo. Ikani zithunzi za Thandiwe Muriu wa ku Nairobi pambali pa za Keïta. Iye amaveka munthu nsalu yofanana ndendende ndi yakumbuyo, thupi n'kusowa, kutsala nkhope, tsitsi ndi magalasi opangidwa kuchokera ku tinthu ta m'nyumba. Maganizo a nsalu pa nsalu ndi akale, koma iye wawapititsa kwina ndi mitundu yowala, ndipo ndi mmene kutengera kuyenera kukhalira. Zanele Muholi wa ku Umlazi, Durban, amadzijambula yekha atadzikongoletsa ndi mapegi a zovala kapena mawaya okwechera mapoto, pokumbukira mayi ake amene ankagwira ntchito ya m'nyumba, ndipo khungu amalidetsa dala m'malo moliyeretsa. Ife amene makasitomala amatipempha tsiku ndi tsiku kuti “mundiwalitseko” tiyenera kuzionako zithunzi zimenezi. Chimene sindigwirizana nacho ndi kungotenga chithunzi wamba, kuchiika filter ya black and white, n'kumati mwafanana ndi Sidibé. Iye sanachite kusankha kuti zikhale zopanda mitundu, filimu imene ankagwiritsa ntchito inali yotero.

Chotsiriza chimene akuluakuluwa amandikumbutsa ndi kasungidwe. Mu 1991 zithunzi za Keïta zinaonetsedwa ku New York popanda dzina lake, zitangolembedwa kuti wojambula sakudziwika. Atamufunafuna n'kumupeza ku Bamako, anapeza kuti manegetivu ake, mafilimu aja otsukirapo zithunzi, anawasunga bwino, masauzande, ndipo zithunzi zikuluzikulu zimene tikuonazi zinatsukidwa kuchokera ku manegetivu amenewo. Manegetivu a Ernest Cole, pafupifupi 60,000, anapezeka mu 2017 m'banki ina ku Stockholm, mwini wake atamwalira kale mu 1990. Ife manegetivu athu ndi mafailo oyambirira aja, ndipo amathera m'foni yobedwa kapena memori khadi yofufutidwa Loweruka m'mawa chifukwa yadzadza. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp mwachizolowezi chimafinyidwa, sichingatsukidwe chachikulu, choncho potumiza sankhani document. Sungani malo awiri, pa kompyuta ndi pa hard drive kapena Google Drive, ndipo foda iliyonse muilembe chaka, mwezi, malo ndi dzina la mwambo. Kuseri kwa chithunzi chilichonse chotsuka lembani dzina lanu ndi deti, ndi pensulo yofewa, chifukwa inki ya bolopeni imadinda mpaka kutsogolo.