Dayale ya pakamwa, mmene ndimasungira za tsiku langa pa foni

Ine kope ndinalisiya kalekale. Kulemba ndimakukonda ndithu, koma ukaweruka utatopa, kuzizira kwa ku Mzuzu kuno mwezi wa June zala zachita kuuma, mwina magetsi azimanso, bolopeni imalemera. Nde ndinayamba kumangoyankhula pa foni, pano sindigona ndisanajambule mawu.

Zofunika si zambiri. Pafupifupi foni iliyonse ili ndi recorder, ngakhale ka itel kamabatani kaja. Ena amadzitumizira ma voice note pa WhatsApp pa nambala yawo yomwe, zimatheka, koma ine ndimaopa poti chala chikaphonya zakukhosi kwanu zonse zigwera mu gulupu ya kutchalitchi. Recorder siifuna bandulo olo netiweki.

Mukangodina, yambani ndi tsiku ndi malo, izi musaiwale chonde. "Lero Lachiwiri pa 17 June, ndili pakhonde ku Chibavi, kunja kukuwaza." Ma fayilo anga oyamba alibe deti, ndimamva ndikudandaula za nkhani ina yake koma sindidziwa kuti unali mwezi uti, zimandipweteka mpaka pano. Mukamaliza sinthaninso dzina la fayiloyo muike deti yomweyo.

Kenako yankhulani ngati mukuuza mnzanu wapamtima amene sakudulani mawu. Apa nde pamene pali kukoma kwake. Pa pepala munthu umadzikonza, umafuna chiganizo chiongoke ngati ukulemba mayeso, pomwe pakamwa zimatuluka mmene zilili mumtima. Ife akuno timayamba nkhani m'Chichewa, pakati yalowa Chitumbuka, kumapeto kachizungu pang'ono, zisiyeni choncho osazikonza. Tsiku lomwe zayenda ndimangopezeka ndanena kuti nili makora (ndili bwino m'Chitumbuka), ndipo mawu amenewo sindinawalembepo m'kope ndi kamodzi komwe. Mukachita chibwibwi osafufuta, mukakhala chete kaye osaimitsa, ngakhale misozi ikabwera pitirizani, chifukwa kunjenjemera kwa mawu kuja pepala silingakusunge.

Mutu ukauma yambani ndi zazing'ono. Mwadya chani, thumba la makala mwagula zingati, wakabaza anakuuzani chani pochoka ku Luwinga, ndani wakusangalatsani. Zazikulu zimabwera zokha pambuyo. Mphindi 3 kapena 5 zakwana, mukayamba ndi theka la ola sabata siitha mwasiya.

Malo ojambulira ndi omwe amavuta kwa ife okhala ambiri m'nyumba imodzi. Ine ndimavala ma earphone poyenda kuchoka mtauni kulowera ku Katoto, anthu amangoti ndili pa foni. Pa njinga musayese, mphepo imameza mawu onse, chimodzimodzi mvula ikamagunda malata, dikirani ikate kapena lowani m'bulangeti foni muiyandikitse kukamwa.

Nde za chinsinsi. Foni kwathu kuno imayenda m'manja ambiri, mwana akufuna magemu, mlamu akufuna aimbe kamodzi. Ikani loko, ndipo mukamapita nayo kokonzetsa chotsani memory card kaye ngati mumasungamo. Nkhani ya munthu wina yomwe anakuuzani mokudalirani musamutchule dzina, ingonenani kuti mnzanga uja, inu mudzadziwa.

Foni imabedwa, imagwera m'madzi. Kamodzi pamwezi koperani ma fayilo pena, pa kompyuta, pa flash kapena pa Google Drive pomwe akaunti ya Google imapatsa 15 GB yaulere, mawu sadya malo ngati ma video.

Kumvetsera ndi komwe ambiri amathawa, amati mawu anga sakumveka bwino. Palibe cholakwika, tikamayankhula timadzimva kudzeranso m'mafupa a m'mutu nde mawu amamveka okhuthala, foni imakupatsani omwe anzanu amamva. Mumazolowera. Ine ndimamvetsera Lamulungu madzulo ndikusita, ndipo ndi mmene ndinazindikira kuti nkhani ya ngongole imodzi ndinkaibwereza pafupifupi tsiku lililonse, mpaka ndinapita kukakambirana ndi mwini wake. Fayilo yomwe ndimaibwereza kwambiri ndi ya February, ndikufotokoza za ntchito, chapatali agogo omwe anabwera kuchokera ku Rumphi akundiitana kuti nsima ikuzizira.