Ndalama za pa khadi ndi msonkho ku UK: zimene zalowa ku banki si zimene mwagulitsa

Amalawi ambiri okhala ku Manchester, Leicester, Nottingham kapena Glasgow amene ali ndi kageni kawo, kaya koluka tsitsi, kophikira anthu pa maukwati ndi zinkhoswe, kokonza m'nyumba kapena kosoka zovala za chitenje, masiku ano amayenda ndi kamakina kolipirira pa khadi. Ta SumUp, Zettle ndi Square nditimene tafala chifukwa n'totsika mtengo. Kasitomala agunditsa khadi kapena foni, pakapita tsiku limodzi kapena masiku angapo ndalama zafika ku banki. Zimasokonekera ikakwana nthawi yodzaza fomu ya msonkho. Munthu amatsegula sitetimenti ya ku banki, n'kuwonkhetsa zonse zimene kampani ya kamakina inatumiza, n'kulemba kuti zimenezo ndiye zimene anagulitsa. Nambala imeneyo imakhala yoperewera pafupifupi nthawi zonse, ndipo bungwe lotolera misonkho la HMRC lili ndi njira yodziwira kuti yaperewera.

Kuyambira 2013 lamulo linapatsa HMRC mphamvu yoitanitsa kwa makampani oyendetsa malipiro a pa khadi kaundula wa ndalama zimene wamalonda aliyense walandira. Mu 2016 mphamvuyo inakulitsidwa kuti ifikenso kwa makampani olipirira pa intaneti ndi ena okhala pakati pa wogula ndi wogulitsa. Kuyambira pa 1 Januwale 2024, misika ya pa intaneti monga eBay, Etsy ndi Vinted nayonso imasonkhanitsa mayina ndi ndalama za ogulitsa n'kumapereka chaka ndi chaka. Zonsezi amaziika m'makompyuta n'kuziyerekeza ndi zimene inu mwalemba pa fomu. Choncho pamene mukudzaza fomu yanu, dziwani kuti mbali ina ya nkhaniyi ili kale m'manja mwawo.

Kusiyana kwa nambala ziwirizi

Kampani ya kamakina imadula yake isanakutumizireni ndalama. Tiyerekeze kuti ikudula 1.75 peresenti. Mwaluka tsitsi la £200, ku banki kufika £196.50. Pa chaka mwagulitsa za £20,000 pa khadi, ku banki kwafika £19,650, ndipo £350 yatsala kwa iwo. Pa fomu, ndalama zolowa mu bizinesi ndi £20,000. Ija £350 mumailemba padera, ku mbali ya ndalama zimene mwawononga poyendetsa bizinesi, pamodzi ndi mtengo wa kamakinako.

Wina anganene kuti phindu likutuluka chimodzimodzi, ndiye vuto lili pati? Phindu ndi lomwelo, zoona. Koma malire ena amene HMRC imagwiritsa ntchito amayezedwa pa ndalama zonse zolowa, musanachotse kanthu. Pali malire atatu oyenera kuwadziwa.

Oyamba ndi £1,000. Ngati zonse zimene mwalandira pa geni yanu m'chaka cha msonkho sizinapitirire £1,000, kawirikawiri simufunika kulembetsa. Zikapitirira, muyenera kulembetsa ku Self Assessment, njira imene munthu amadzaza yekha fomu ya msonkho, ngakhale phindu litakhala lochepa bwanji. Munthu amene wagulitsa za £1,010 pa khadi amaona ndalama zosakwana £993 ku banki, n'kumaganiza kuti ali pansi pa mzere pamene wadutsa kale. Kumbukiraninso kuti £1,000 imeneyi mukhoza kuichotsa pa ndalama zolowa m'malo mowerengera zimene mwawononga, koma simungachite zonse ziwiri. Ngati munawononga £2,300 pa mesh, mafuta ndi mayendedwe, lembani £2,300 ndipo £1,000 ija muisiye.

Achiwiri ndi a VAT, amene ali pa £90,000 kuyambira pa 1 Epulo 2024. Apa pamagwa anthu ophika ndi a timashopu. Zogulitsa za £90,500 zimaoneka ngati £88,916 ku banki. Komanso malire amenewa sayendera chaka cha msonkho ayi, amayendera miyezi 12 iliyonse yotsatizana. Kumapeto kwa mwezi uliwonse muyang'ane m'mbuyo miyezi 12, ndipo mukapeza kuti mwadutsa, muli ndi masiku 30 kuchokera kumapeto kwa mweziwo kuti mulembetse. Mukachedwa, VAT imene simunatolere kwa makasitomala mudzailipira kuchokera m'thumba mwanu.

Achitatu ndi a Making Tax Digital. Kuyambira pa 6 Epulo 2026, odzilemba okha ntchito amene ndalama zawo zolowa zimapitirira £50,000 ayenera kusunga mabuku mu pulogalamu ya kompyuta yovomerezeka ndi kutumiza malipoti miyezi itatu iliyonse. Mzerewu utsika kufika pa £30,000 mu Epulo 2027, kenako £20,000 mu Epulo 2028. Apanso amayang'ana zolowa zonse, osati phindu.

Ntchito ya kumapeto kwa mwezi

Musadikire Januwale, mwezi womaliza kutumiza fomu ya msonkho pa intaneti. Mwezi ukatha, lowani mu akaunti yanu ya kamakina ndipo mukope lipoti la mwezi wonse. Makampani onsewa amapereka lipoti loonetsa zogulitsa zonse, zimene adula, zimene mwabwezera makasitomala ndi zimene atumiza ku banki. Lisungeni pa kompyuta kapena mulisindikize, chifukwa mukadzasiya kampaniyo n'kupita ku ina, kupeza malipoti akale kumavuta.

M'buku lanu, kaya ndi kope wamba kaya ndi Excel, mwezi uliwonse ukhale ndi mizere isanu: zogulitsa pa khadi, zogulitsa pa kashi, zolowa ku banki mwachindunji, zobwezedwa, ndi zodulidwa ndi kampani. Kenako yesani masamu. Zogulitsa pa khadi, kuchotsa zobwezedwa, kuchotsa zodulidwa, ziyenera kufanana ndi zimene zafika ku banki. Mwachitsanzo, £1,800 kuchotsa £60 yobwezedwa, kuchotsa £31.50 yodulidwa, ikupereka £1,708.50. Ngati ku banki kukuoneka £1,540, pali £168.50 yofunika kuifufuza lero lomwe, mukadakumbukira zimene zinachitika.

Kawirikawiri chifukwa chake chimakhala chimodzi mwa izi. Malonda a masiku omaliza a mwezi amafika ku banki mwezi wotsatira, makamaka mwezi ukathera Lachisanu kapena Loweruka. Nthawi zina kasitomala anakadandaula ku banki yake kuti sanalandire chimene analipira, ndipo ndalama zinalandidwa kwa inu osadziwa. Zikatero sungani kalata kapena imelo imene kampani inakutumizirani, chifukwa ndiwo umboni woti ndalamazo sizinakhale zanu. Nthawi zinanso kampani imagwira ndalama zina kwa masiku angapo ikaona malipiro aakulu osazolowereka.

Pali chinanso chimene chimasokoneza anthu kwambiri. Ena mwa makampaniwa amapereka ngongole imene imabwezedwa podula gawo la malonda a tsiku lililonse. Mukatenga ngongole yotere, ndipo akudula 10 peresenti, ku banki kumafika ndalama zochepa kwambiri. Koma zogulitsa zanu sizinatsike. Ndalama imene mwabwereka siilembedwa ngati malonda, ndipo kubweza ngongole yeniyeniyo sikulembedwa ngati ndalama yowonongedwa pa bizinesi. Amene amawerengera za ku banki zokha amapezeka kuti wabisa gawo lalikulu la malonda ake asakudziwa.

Za kumapeto kwa chaka. Chaka cha msonkho chimayamba pa 6 Epulo n'kutha pa 5 Epulo. Malonda a pa 4 Epulo amene afika ku banki pa 7 Epulo agwera chaka chiti? Ochita bizinesi paokha ambiri amawerengera ndalama pamene zalandiridwa, ndipo kuyambira chaka cha 2024/25 imeneyi ndiyo njira imene HMRC imayembekezera pokhapokha mutasankha ina. Mukhoza kutenga tsiku limene kasitomala walipira kapena tsiku limene ndalama zafika ku banki, koma njira imene mwasankha ikhale yomweyo chaka chilichonse. Tsiku limene kasitomala walipira ndi losavuta kutsata, chifukwa ndi limene lili pa lipoti la kampani.

Kamakina si kobwereketsa

Apa ndi pamene chikhalidwe chathu chothandizana chimatipweteketsa. Pagwa maliro, pakufunika kusonkha ndalama zotumizira thupi kumudzi, anthu asonkhana ndipo ambiri alibe kashi. Wina n'kunena kuti, "Amayi aja ali ndi kamakina, tingolipira pamenepo." Usiku umodzi £4,000 yadutsa pa akaunti ya bizinesi yoluka tsitsi. Zimachitikanso ndi chopereka cha ku tchalitchi, perekaniperekani wa pa ukwati, chipereganyu, kapena mnzanu amene akugulitsa mandasi pa chikondwerero ndipo alibe kamakina kake.

Ndalama zimenezi si malonda anu ndipo simuyenera kulipira msonkho pa izo. Koma m'kaundula wa kampani zalembedwa pa dzina lanu ngati malonda, ndipo tsiku lofunsidwa ndinu amene mudzafunika kusonyeza kuti sizinali zanu. Kuwonjezera apo, malamulo a makampani ambiri saloleza kulandirira munthu wina ndalama, moti akhoza kutseka akaunti kapena kugwira ndalamazo. Njira yabwino ndi kukana mwaulemu n'kupereka nambala ya akaunti ya komiti ya maliro kapena ya mpingo. Ngati zinachitika kale, lembani tsiku, chifukwa chake, mndandanda wa malipirowo, ndipo sungani umboni wa ku banki woonetsa kuti munazipereka zonse kwa eni ake. Uthenga wa pa WhatsApp wolengeza za msonkhamsonkhawo nawonso muusunge.

Ndalama zimene kasitomala wawonjezera pothokoza ndi nkhani ina. Ngati mumagwira nokha, zimenezo ndi ndalama zolowa mu bizinesi ndipo zimalembedwa. Ngati muli ndi antchito, kuyambira pa 1 Okutobala 2024 lamulo la ku England, Scotland ndi Wales limafuna kuti zonse zipite kwa antchitowo osadulapo kanthu.

Nanga kashi? Ena amaganiza kuti akalemba za pa khadi zokha ndiye kuti zatheka, popeza ndi zimene zikuoneka. Koma fomu imene nambala yake ikufanana ndendende ndi ya kampani ya khadi imadzutsa funso lakuti: kodi chaka chonse panalibe ndi mmodzi yemwe amene analipira kashi? Pa ntchito ngati yometa, yoluka kapena yogulitsa zakudya, zimenezo n'zovuta kukhulupirira. Lembani kashi tsiku lomwelo, ngakhale amene mwagulira anyezi ndi tomato musanafike naye kunyumba.

Akaunti ya ku banki ya bizinesi yokha si lamulo kwa munthu wochita geni payekha, koma imachepetsa ntchito kwambiri. Ndalama zimene mwatapa kuti mulipire lendi ya nyumba yanu kapena kutumiza kumudzi sizichotsedwa pa phindu.

Masiku ndi zilango

Titenge chaka cha 2025/26, chothera pa 5 Epulo 2026. Ngati ndi chaka chanu choyamba, lembetsani pasanafike pa 5 Okutobala 2026 kuti mulandire nambala ya UTR, ya manambala khumi, imene HMRC imakudziwirani. Fomu ya pepala imafunika pofika pa 31 Okutobala 2026, ya pa intaneti pa 31 Januwale 2027, ndipo msonkho umalipiridwa pofika tsiku lomwelo. Mabuku ndi malisiti a chaka chimenecho muwasunge mpaka pa 31 Januwale 2032.

Kwa amene sanalowe mu Making Tax Digital, kuchedwa kutumiza fomu ndi tsiku limodzi lokha ndi £100, ngakhale mulibe msonkho woti mulipire. Pakatha miyezi itatu amayamba kuwonjezera £10 pa tsiku mpaka £900. Kulemba nambala yolakwika chifukwa chosasamala kungabweretse chindapusa chofika 30 peresenti ya msonkho umene unaperewera, ndipo kubisa mwadala kungafike 100 peresenti. Pa kusasamala akhoza kubwerera m'mbuyo zaka 6, pa zadala zaka 20. Amene wadziulula yekha asanalandire kalata amalipira chindapusa chochepa, ndipo pa GOV.UK pali njira yochitira zimenezo yotchedwa Digital Disclosure Service.

Ambiri amene ali ndi geni amagwiranso ntchito yolembedwa, monga yosamalira okalamba. Malipiro a kuntchitoko amakhala atadya kale £12,570 imene munthu salipirapo msonkho, choncho phindu la pa geni limadulidwa 20 peresenti kuyambira paundi yoyamba, kapena kuposerapo kwa olandira zambiri. Ku Scotland magawo a msonkho ndi osiyana pang'ono. Phindu la geni likapitirira £12,570 pamabweranso National Insurance ya 6 peresenti. Kupatula kotala la phindu mwezi ndi mwezi n'kuliika mu akaunti ina kumakwanira kwa anthu ambiri.

Chaka choyamba chili ndi msampha wake. Msonkho ukapitirira £1,000, ndipo wambiri sunadulidwe kale kuntchito, HMRC imafuna kuti mulipiriretu theka la chaka chotsatira. Bilu ya £3,000 imasanduka £4,500 pa 31 Januwale, kenako £1,500 ina pa 31 Julayi. Ngati simungakwanitse, tumizanibe fomu pa nthawi yake n'kupempha kulipira pang'onopang'ono kudzera mu Time to Pay.

Musanagule kamakina, werenganinso zimene viza yanu imalola. Viza ya ophunzira siilola kudzilemba wekha ntchito, ndipo ya Skilled Worker imaika malire pa maola ndi mtundu wa ntchito yowonjezera. Kulipira msonkho sikukonza kuphwanya malamulo a viza, ndipo malipiro alionse a pa khadi amasiya tsiku, ola ndi dzina la amene analandira.