Foni muli nayoyo ikhoza kumakusungirani nthawi ya mankhwala, itcheleni chonchi

Abale anga a kuno ku Mangochi, nkhani ya mankhwala nthawi zambiri imasokonekera pa tinthu ting'onoting'ono, kuiwala nthawi, kunyowetsa buku la kuchipatala, kapena kutha ndalama ya thiransipoti kuchoka ku Namwera mpaka pa boma kungokamva kuti mankhwala mukufunawo mu famase mulibe. Zambiri mwa izi foni imazitha, ndipo sindikunena foni yodula ayi, ngakhale ka mabatani kaja timangoimbira ndi kuunikira usiku kamakwana.

Yambani ndi alamu, za kudawuniloda ma app zibwere pambuyo. Ma app okumbutsa mankhwala alipo ndithu pa Play Store, ena ndi abwino, koma amadya bandulo ndi malo, komanso mafoni ambiri a Android amawagoneka okha pofuna kusunga batire, ndiye inu muli phee kudikira kuti ilira koma app yagona kalekale. Wotchi imene inabwera ndi foniyo ndiye yodalirika. Tsegulani, ikani nthawi, sankhani kuti izilira tsiku lililonse, ndipo muikire kulira kwake kwake kosiyana ndi alamu yodzukira, apo ayi mudzangoizimitsa muli m'tulo. Mafoni ena a mabatani alamu imalira ngakhale foni ili yozima, yesani yanu masana muone, zimathandiza magetsi akathima mukafuna kusunga chaji.

Tsono nthawi yake muika iti? Apa ndi pamene anthu ambiri amaphonya. Tengani LA wa malungo. Amamwedwa kasanu ndi kamodzi m'masiku atatu, koma ulendo wachiwiri sumadikira kuti kuche, mumamwa pakatha maola 8 kuchokera pa woyamba. Ndiye ngati mwana wayezedwa pa chala, amupeza ndi malungo, wamwa woyamba 10 koloko m'mawa pachipatala pomwepo, wachiwiri ndi 6 koloko madzulo, zosavuta. Koma ngati mzere unali wautali n'kumwa cha m'ma 3 masana, wachiwiri ukugwera 11 koloko usiku anthu onse atagona, ndipo apa popanda alamu palibe amene angakumbuke. Tcherani alamuyo muli pa windo lolandirira mankhwala pomwepo musanaike mankhwala m'thumba. Masiku awiri otsalawo ndi m'mawa ndi madzulo basi. Pa dzina la alamu lembanipo kuti "adye kaye", chifukwa LA amalowa bwino m'thupi ndi chakudya cha mafuta pang'ono, phala lotsira nsinjiro, mkaka, kapena kuyamwa kwa wakhanda. Ndipo alamu zija musazifufute tsiku lachiwiri poona kuti mwana wayamba kuthamanga panja, amalize onse.

Chimodzimodzi mankhwala olembedwa katatu pa tsiku, ngati makapusozi a amoxicillin aja. Pa kapepala ka pulasitiki amakuchongerani pa zithunzi za dzuwa ndi mwezi, anthu n'kumangomwa pa tiyi, pa nsima ya masana ndi ya madzulo, usiku wonse thupi lili lopanda mankhwala. Kutalikitsa bwino ndi maola 8, mwachitsanzo 6 m'mawa, 2 masana, 10 usiku. Alamu zitatu, mwatha.

Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a BP, a shuga, a khunyu, ma ARV, kapena a TB a miyezi 6 aja, sankhani ola limene moyo wanu umalola, osati limene mnzanu amamwera. Msodzi wa usipa wa ku Msaka kapena ku Makawa amene amalowa m'nyanja madzulo n'kutuluka m'bandakucha asaike alamu ya 8 usiku, nthawi imeneyo ali pa bwato foni yakulungidwa mu jumbo, mankhwala ali kumtunda. Bola m'mawa akamaliza kugulitsa asanagone. Ndipo kunena mosabisa, pa alamu musalembe kuti "ARV", foni zathu zimayenda m'manja mwa ana, azilamu anu, ndi kwa otchaja pa msika. Lembani "tiyi" kapena "nkhuku", inu nokha mukudziwa. M'mwezi wa Ramadan musangosuntha nokha alamu zonse kupita pa daku ndi pofutulu, makamaka inu a shuga, chifukwa mapilitsi ena ndi insulin amagwetsa shuga munthu akakhala ndi njala tsiku lonse. Pitani mwezi usanaoneke mukakambirane ndi adokotala, akuuzeni zosuntha ndi zosasuntha, kenako mukonze alamu.

Kalenda ya mu foni ndi ya masiku obwerera. Masiku ano amene akumwa bwino ma ARV amapatsidwa a miyezi ingapo mpaka 6 nthawi imodzi, zabwino kwambiri pa thiransipoti, koma miyezi 6 ndi yambiri moti tsiku limaiwalika. Ikani chikumbutso sabata imodzi tsikulo lisanafike, kuti mupeze ya kabaza, ndi china cha dzulo lake. Jakisoni wolera wa miyezi itatu naye chimodzimodzi, sikelo ya mwana, katemera, tsiku loyezetsa kuchuluka kwa kachilombo m'magazi, zonse ziloweni mu kalenda tsiku lomwe mwauzidwa.

Kenako kamera. Ineyo ndimaona kuti iyi ndiye ntchito yaikulu ya foni pa nkhani imeneyi, kuposa ma app onse. Jambulani tsamba la buku la kuchipatala pamene adokotala alemba, jambulaninso paketi ya mankhwala mbali imene pali dzina ndi mphamvu yake, ma mg aja. Anthu amafika pa famase n'kumati ndikufuna timapilitsi toyera tating'ono tija ndinamwa chaka chatha, koma abale, timapilitsi toyera tating'ono tilipo mazanamazana. Chithunzi chimathetsa mkangano wonsewo. Jambulani pa kuwala, foni isagwedezeke, kenako kulitsani chithunzicho muone ngati zikuwerengeka. Dzitumizireni nokha pa WhatsApp kapena tumizirani munthu mmodzi amene mumamukhulupirira, kuti buku likanyowa ndi mvula kapena foni ikagwera m'madzi mbiri yanu isapite nayo. Amene mukusamalira agogo, izi zimathandiza zedi, mwana wawo wa ku Joni amene amatumiza ndalama ya mankhwala amaona yekha chimene chikufunika.

Mukamajambula paketiyo yang'ananinso madeti. Pamakhala awiri, MFG ndi tsiku lopangidwa, EXP ndi lothera ntchito, ndipo anthu amawasokoneza. Akalemba mwezi ndi chaka chokha, mwachitsanzo EXP 08/2027, ndiye kuti mpaka kumapeto kwa mwezi umenewo.

Musanakwere galimoto kupita ku famase yolipira, imbani kapena tumizani chithunzi chija pa WhatsApp mufunse zinthu zitatu, alipo, ndi zingati, mutseka nthawi yanji. Mafamase ambiri ali ndi nambala pa chikwangwani, isungeni lero musanadwale. Wochokera ku Makanjira kapena ku Nankumba mayunitsi a mphindi imodzi amupulumutsira tsiku lathunthu. Kulipira pa Airtel Money kapena Mpamba kuli bwino, meseji ija imakhala ngati lisiti, koma lipirani pa nambala imene mwaiona nokha pa shopu kapena mwauzidwa ndi mwini wake pakamwa. Meseji yobwera yokha yoti m'bale wanu wagonekedwa tumizani ya mankhwala pa nambala iyi, imbirani kaye m'baleyo. Ndipo famase yeniyeni ikakuuzani kuti bwerani ndi buku lenilenilo chithunzi sichikwanira pa mankhwala awa, musakwiye, akutsata lamulo. Mafamase ndi masitolo a mankhwala amalembetsedwa ndi bungwe la PMRA, limene kale linkatchedwa Pharmacy, Medicines and Poisons Board, ndipo chiphaso chake chimayenera kuoneka pa khoma. Wa pa Facebook amene akuti botolo limodzi likuchiza shuga, BP, likodzo ndi kusabereka, mufunseni chiphaso chimenecho muone mmene atasowere.

Funso likakugwirani usiku, kapena chipatala chili kutali, pali Chipatala Cha Pa Foni. Chinayambira kwa aneba athu ku Balaka mu 2011, bungwe la VillageReach likugwira ndi unduna wa zaumoyo, pano chinafalikira dziko lonse ndipo chili m'manja mwa boma. Ambiri tinachidziwa ndi nambala ya 54747 pa Airtel, masiku ano imene imalengezedwa kwambiri ndi 929, kuimba kwake n'kwaulere. Imbani mankhwala ali m'manja ndi buku lili pafupi, nenani zaka za wodwala, kulemera kwake ngati mukudziwa, wamwa chiyani nthawi yanji. Mafunso ngati mwana wasanza atangomwa LA ndipange bwanji, ndadumphitsa tsiku ndimwe awiri kapena ayi, ndi oyenera kumeneko. Koma munthu akukomoka, akubanika, watupa nkhope kapena watuluka zilonda m'kamwa ndi pakhungu atamwa mankhwala, musataye nthawi ndi foni kupatula kuimbira wa njinga yamoto. Google ndi ma app ocheza nawo aja angakufotokozereni kuti mankhwala akuti ndi a chiyani, koma sangayeze magazi, kutentha thupi kuno sikuti nthawi zonse ndi malungo.

Mwina mumadabwa kuti kuseri kwa windo amachedwa chiyani ndi kompyuta. Ku makiliniki ambiri a ma ARV kuli makina a sikirini yogwira ndi chala amene anayambitsidwa ndi a Baobab Health Trust, ndipo kastika ka mizeremizere kamene anamata m'buku lanu ndi kamene amasikana kuti mbiri yanu ituluke, mankhwala mukumwa, otsala angati, tsiku lobwerera. Ndiye kastikako musakachotse, musalole ana kukalembalemba, ndipo mukasintha nambala ya foni kawauzeni, chifukwa mukaphonya tsiku amakufunani pa nambala yakale ija. Mukamapita kutali, kaya ku Joni kaya kukasodza miyezi ku gombe lina, nenani msanga akukonzereni mankhwala okwanira ndi kalata. Alangizi a zaumoyo a m'midzi nawo anapatsidwa njira yawo yotchedwa cStock, yotumizira SMS kunena LA, ORS ndi zinki zatsala zingati, makina n'kuwerengera okha zoti awonjezeredwe ku chipatala chaching'ono. Zipatala nazo malipoti a pamwezi a mankhwala zimalowetsa mu pulogalamu ya pa kompyuta yotchedwa OpenLMIS. Makina amenewa sapanga mankhwala, ngati ku nkhokwe kulibe ndiye kuti kulibe, koma amathandiza kuti kusowako kudziwike msanga.

Anzanga amene muli ndi sitolo ya mankhwala kapena mumagwira mu famase yaing'ono, simukufunika pulogalamu yodula kuti muyambe. Google Sheets kapena Excel pa foni ikukwana, mzere uliwonse dzina la mankhwala, mphamvu, nambala ya batchi, EXP, alowa angati, atsala angati. Lolemba lililonse sanjani potengera EXP, amene atsala miyezi itatu muwapake utoto wofiira ndi kuwasunthira kutsogolo pa shelefu, oyamba kutha ntchito ndi amene ayambe kutuluka. Kaundula wa pepala musamutaye, foni imabedwa. Pa WhatsApp Business sungiranitu mayankho okonzeka, nthawi yotsegula, malo, mmene angajambulire buku, kuti musamalembe zomwezomwezo tsiku lonse, koma mauthenga okumbutsa makasitomala tumizani kwa aliyense payekha atavomera, osapanga gulupu ya odwala BP aliyense n'kumaona nambala ya mnzake.

China chimene alamu imathandiza m'sitolo ndi kutentha. Mankhwala ambiri amalembedwa kuti asungidwe posapitirira madigiri 30, ndipo tonse tikudziwa mmene Okutobala ndi Novembala amakhalira kuno, m'nyumba ya malata yopanda siling'i masana mumadutsa pamenepo. Gulani kachoyezera kutentha, kena ka mu firiji, ikani alamu ya m'mawa ndi ya 2 koloko masana, werengani n'kulemba. Firiji ya insulin izikhala pakati pa 2 ndi 8, ndipo insulin asagunde ku ayezi, akaundana watha ntchito ngakhale atasungunuka. Magetsi akathima lembani nthawi imene athimira ndipo chitseko cha firiji chisamatsegulidwe mwachisawawa kufuna madzi ozizira. Kunyumba nako, mapilitsi asakhale pa windo kapena m'thumba la njinga yamoto padzuwa, ndipo wa insulin wopanda firiji afunse pa windo za kasungidwe ka mu mtsuko wa dothi ndi masiku amene botolo lotsegula lingakhale asanalitaye, tsikulo alilembe pa botolo ndi mu kalenda.